Lekani Kunyoza Cat Mario, Koma Musaipembedzenso

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kudana ndi anzanga awiri chifukwa cha kamphaka koyera ka pa kompyuta. Tinali m'chipinda chathu ku hositelo, kunja mvula ikugwa, bandulo itatha, ndiye wina anatsegula laputopu n'kutiikira gemu yakale yotchedwa Cat Mario. Mnzanga amene amaphunzira za makompyuta, yemwe amadzitama kuti palibe gemu ingamugonjetse, anakhala pampando molimba mtima. Patangotha mphindi khumi, nambala ya miyoyo yake inali itatsika kufika pa -23. Anakankha laputopu ija n'kunena kuti, "Aise, izi ndi zinyalala. Amene anapanga zimenezi sankadziwa chomwe akuchita."

Mnzanga winayo anayankha mwachifundo. "Usamatero iwe. Anapanga ndi mwana wa sukulu ngati ife tomwe, ndipo ndi yaulere. Zinthu zotere sitimaziweruza."

Ine ndinawatsutsa onse awiri, ndipo mpaka lero ndikuwatsutsabe. Woyamba walakwa chifukwa sanaione bwino gemuyo. Wachiwiri walakwa kwambiri, chifukwa akuganiza kuti kuchitira ulemu ntchito ya munthu wongoyamba ndi kuiphimba ndi bulangeti kuti isaoneke zilema. Ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Tiyambe ndi chinthucho, poti ena mwa inu simunachionepo. Dzina lake lenileni ndi Syobon Action. Inatuluka ku Japan mu 2007, ndipo anaipanga ndi wophunzira wina amene pa intaneti amadziwika ndi dzina loti Chiku. Gawo loyamba analipanga m'masiku atatu okha kuti akalionetse pa chikondwerero cha ku koleji kwawo. Kanema wa gawolo ataikidwa pa Niconico, tsamba la mavidiyo la ku Japan, anthu anasangalala nalo, ndiye anawonjezera magawo ena atatu. Gemu yonse ndi yomweyo: magawo anayi basi. Kamphakako anakatenga ku kankhope kachisoni kolembedwa ndi zizindikiro za pa kiyibodi, kamene anthu ankakonda kugwiritsa ntchito pa 2channel. Kunja kwa Japan anthu anangoipatsa dzina loti Cat Mario, popeza aliyense woiona amazindikira nthawi yomweyo kuti ikutengera Super Mario Bros.

Ndi gemu ya mtundu uja wodumphadumpha, umene pa Chingerezi amati platformer. Umayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, kudumpha maenje, kuponda adani pamutu, kumenya njerwa ndi mutu, mpaka ukafike pa mbendera. Zithunzi zake n'zosaoneka bwino ngakhale pang'ono. Mphakayo amaoneka ngati wajambulidwa ndi mwana wa Sitandade 3 kuseri kwa kope. Adani ake ndi timibulu toyera tokhala ndi maso. Zimenezi sindikana.

Koma kuti mumvetse chimene Chiku anachita, muyenera kuyamba mwakumbukira chimene Nintendo inachita mu 1985. Gawo loyamba la Super Mario Bros., limene Shigeru Miyamoto ndi anzake anakonza, ndi phunziro lopanda mawu. Palibe amene amakuuza chochita. Mdani woyamba amabwera pang'onopang'ono, ndiye umaphunzira kudumpha. Njerwa yokhala ndi chizindikiro cha funso imanyezimira, ndiye umaimenya, n'kutuluka ndalama. Ina imatulutsa bowa. Bowayo amayenda, n'kugwa pansi, n'kugunda paipi, n'kubwerera kwa iwe, moti ngakhale utamuopa n'kovuta kumuzemba. Akakukhudza umakula, ndipo waphunzira kuti bowa ndi mnzako. Pasanathe mphindi imodzi, gemu ija yapangana nawe pangano: njerwa ya funso ndi mphatso, paipi ndi njira, mtambo ndi chokongoletsa chabe, nthaka ndi yolimba, mbendera ndi mpumulo. Pangano limeneli magemu ambirimbiri analitsatira kwa zaka zoposa 20, mpaka linalowa m'zala za osewera. Sitiganizanso tikaona njerwa ya funso. Chala chimangodina chokha.

Chiku anatenga pangano lonselo n'kuliphwanya ndime ndi ndime. Ukadumpha kuti umenye njerwa ya funso, njerwayo imathawira m'mwamba. Ina imatulutsa mdani m'malo mwa ndalama. Ina imamera minga. Ukamadumpha dzenje, mutu umagunda njerwa yosaoneka imene inaikidwa ndendende pamene munthu aliyense wanzeru angadumphire, ndiye umagwera m'dzenjemo. Ukalowa m'paipi poganiza kuti wapeza njira yachidule, paipiyo imakuponyera kumwamba. Mtambo umene unkauyesa chithunzi chabe umakupha ukaukhudza. Nthaka imagumuka. Pali bowa amene ukamudya umakula kwambiri mpaka kuboola pansi n'kugwa. Ndipo ukavutika mpaka kufika pa mbendera, n'kupumira m'mwamba kuti zatha, imfa imakupeza pomwepo pamene wasiya kale mabatani.

Tsopano ndikufunseni inu amene mukuti wopanga gemuyi sankadziwa chomwe akuchita. Kodi munthu wosadziwa angaike bwanji njerwa yosaoneka pamalo enieni pamene iwe udzadumphire? Osati pafupi, koma pomwepo. Ndipo ukafa, n'kuganiza kuti ulendo uno udumpha msanga pang'ono, umapeza kuti anakudikirira kale kumenekonso. Msampha wa mbewa sugwira chifukwa cha mwayi. Wotchera amadziwa njira ya mbewa, amadziwa chimene imakonda kudya, amadziwanso kumene idzathawire ikachita mantha. Kuti upange gawo loyamba la Cat Mario uyenera kumudziwa Mario kuposa mmene osewera ambiri amamudziwira, ndiponso uyenera kumudziwa wosewera kuposa mmene iye mwini amadzidziwira. Gemu yopangidwa mwachisawawa imakupha mwachisawawa, ndipo sumva kanthu koma kutopa. Cat Mario imakupha mwadala, pa nthawi yake, ndipo anthu amene aima kumbuyo kwako amafa nako kuseka. Usiku ule tonse tinkaseka mpaka misozi, kupatula amene anali pa kiyibodi.

Apa ndi pamene pagona mphamvu yake yaikulu, ndipo ndi pamene onyoza amaphonya. Cat Mario si gemu yoyesa luso la zala. Ndi nthabwala. Ife amene timaphunzira zolembalemba timadziwa kuti nthabwala imagwira ntchito pokonzekeretsa womvera kuyembekezera china, kenaka n'kumupatsa china. Ndi mmenenso nthano za Kalulu zimayendera. Njovu kapena Fisi sagwa m'msampha chifukwa chofooka, amagwa chifukwa chokhulupirira kuti zinthu ziyenda monga zimayendera masiku onse. Mu gemu iyi Kalulu ndi Chiku, ndipo Fisi ndi iweyo ndi dyera lako la ndalama ndi bowa. Kuiweruza ndi muyeso wa FIFA kapena Call of Duty, n'kumafunsa kuti bwanji zithunzi sizikuoneka ngati zenizeni, kuli ngati kudandaula kuti sewero lanthabwala la pa wailesi lilibe zigoli.

Chinthu china chimene anachita bwino ndi nambala ya miyoyo ija. Mu Mario, miyoyo ikatha gemu yatha, ukayambirenso kutali. Mu Cat Mario miyoyo ikafika pa ziro imangopitirira kutsika: -1, -2, -50, mpaka pamene iwe utatopere. Ena amaona ngati ndi chipongwe chabe. N'chipongwe ndithu, koma ndi chifundonso. Wopanga akukuuza kuti imfa muno si chilango, ndi njira yophunzirira, ndipo sakulanda kanthu ukafa. Umabwerera msanga, ndipo pakati pa gawo pali kambendera kosunga pamene wafika. Akanaika malamulo a Mario a miyoyo yowerengeka, palibe amene akanapirira mphindi zisanu. Ameneyu ndi munthu amene anaganizira bwino mtengo wa nthabwala yake.

Kufupika kwake nakonso ndi nzeru. Super Mario Bros. ili ndi magawo 32. Cat Mario ili ndi anayi. Munthu wodziwa misampha yonse akhoza kuimaliza tiyi asanazizire. Ndamvapo anthu akunena zimenezi ngati cholakwa, ngati kuti gemu imagulidwa pa sikelo ngati nyama. Koma nthabwala yaitali ndi chizunzo. Tonse tinakhalapo pa ukwati pamene wolankhula woseketsa anaiwala kukhala pansi. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Gemu iyi ndi yoipa nkhope, koma nyimbo yake imodzi imaidziwa, ndipo imayesetsa kusiya msanga.

Ndati imayesetsa, chifukwa apa ndi pamene ndikutembenukira kwa mnzanga wachifundo uja. Gemuyi ili ndi zofooka zenizeni, ndipo kuzitchula si nkhanza.

Choyamba, msampha sugwira kawiri. Cat Mario ili ngati mwambi wophiphiritsa wa kumoto madzulo: kukoma kwake konse kuli pa kusadziwa yankho. Ukangodziwa kuti njerwa yosaoneka ili apa, mtambo uwo ndi mfiti, paipi iyo ndi yabodza, chotsala ndi kuloweza basi, ngati mwana woloweza mayina a mitsinje usiku wa mayeso. Ukaimaliza palibe chokuitanira kuti ubwerere, kupatula kukhazika mnzako pampando kuti umuseke. Fanizirani ndi bawo. Bawo ulibe chinsinsi chilichonse chobisika, zonse zili poyera, koma anthu amasewera moyo wawo wonse osatopa chifukwa luso lake lilibe malire. Cat Mario ili ndi malire, ndipo umawafika tsiku lomwelo.

Chachiwiri, nthabwalayo imayamba kudzidya yokha gemu isanathe. Gawo loyamba limaseketsa chifukwa umalowamo ndi chikhulupiriro. Pofika gawo lachitatu sukhulupiriranso chilichonse. Umayenda ngati munthu woponda pa minga, kukayikira njerwa iliyonse, kuima pa dzenje lililonse. Munthu amene akuyembekezera kunamizidwa sanganamizidwe mokoma. Ukafa pamenepo sumati "wandipeza", umangoti "ndinadziwa". Wopanga waluso kwambiri akanatipatsa malo ena otetezeka ndithu, mphatso zina zenizeni, kuti chikhulupiriro chimerenso asanachidulenso. Chiku amachita zimenezi mwa apo ndi apo, koma osati mokwanira. Kwa ine, gawo lija analipanga m'masiku atatu ndi limene lili labwino kuposa onse.

Chachitatu, kayendedwe ka mphakayo sikokhazikika. Amatererera, ndipo kudumpha kwake sikumvera chala monga mmene Mario amamvera. Zimenezi n'zofunika kuposa mmene zikumvekera. Mu gemu imene ikukupha mwadala, uyenera kudziwa nthawi zonse kuti wakupha ndi ndani. Ukafa ndi msampha, umaseka. Ukafa chifukwa mphaka watererera pamene iwe unasiya batani, palibe nthabwala, pali ntchito yosamalizidwa bwino. Mnzanga wa makompyuta uja akanadandaula za ichi, ndikanamugwira chanza.

Chachinayi, ndipo ichi ndi chachikulu, gemuyi siingaime payokha. Imakhala pa lendi m'nyumba ya Nintendo. Maonekedwe a magawo ndi obwereka, ndipo nyimbo zake n'zotengedwa ku magemu ena akale monga Spelunker, Ghosts 'n Goblins ndi Puyo Puyo. Koma ngongole yaikulu si imeneyo. Ngongole yaikulu ndi yakuti nthabwala yonse imadalira kuti wosewera akhale atamudziwa kale Mario. Ine ndinakula ndikusewera Mario pa timakina totchipa tija tolumikiza ku TV, ndiye pangano lija lili m'zala zanga. Pa holide ndinamupatsa mchemwali wanga wamng'ono, amene anakulira pa magemu a pa foni ndipo Mario sanamugwirepo. Sanaseke n'kamodzi komwe. Njerwa itathawa, anangoti, "Oho, ndiye kuti zimathawa." Mtambo utamupha, anangoyamba kupewa mitambo. Kwa iye panalibe pangano loti liphwanyidwe, choncho inangokhala gemu yonyansa yokhala ndi malamulo achilendo. Ntchito yoseka ntchito ina imafa tsiku limene anthu aiwala chimene ikuseka.

Pali chinthu chachisanu chimene sindingamuimbe nacho mlandu Chiku yekha, koma sindingachisiyenso. Chaka chomwecho cha 2007 kunatulukanso I Wanna Be the Guy ya Michael O'Reilly ndi Kaizo Mario World, ndipo kuchokera nthawi imeneyo magemu ozunza osewera anachuluka. Mavidiyo a anthu akukuwa ndi kumenya matebulo pa YouTube anawatchukitsa kwambiri. Nintendo itatulutsa Super Mario Maker mu 2015, kupatsa aliyense mwayi wopanga magawo ake, anthu ambiri anadzaza magawo awo ndi njerwa zosaoneka ndi adani ogwa kuchokera kumwamba. Ambiri mwa otengerawa anatola nkhanza n'kusiya nzeru. Anaganiza kuti chinsinsi ndi kupha wosewera kambirimbiri, pamene chinsinsi chinali kumudziwa wosewera. Ndikukhulupirira kuti ambiri amene amanyoza Cat Mario lero kwenikweni akunyoza ana ake opusawo.

Mwina wina anena kuti ndikufuna zambiri kwa gemu yopangidwa m'masiku ochepa. Ayi. Onani Celeste yoyamba ija, imene Maddy Thorson ndi Noel Berry anapanga mu 2015 m'masiku anayi pa PICO-8, kachipangizo kongoyerekezera kamene kamalola mitundu 16 yokha ndi chithunzi cha timadontho 128 m'litali ndi 128 m'lifupi. Nayonso ndi yaifupi, yaulere, ndipo imakupha kosawerengeka. Koma minga yake yonse ili poyera. Ukafa umadziwa kuti chala chako ndi chimene chachedwa, ndipo ukayesanso umaona kuti ukukula. N'chifukwa chake inatha kukula n'kukhala Celeste yaikulu ya 2018. Ndikudziwa kuti awiriwa sanali ongoyamba kumene, Thorson anali atatulutsa kale TowerFall. Koma mfundo yanga ndi yakuti kuchepa kwa masiku ndi zipangizo si kumene kumapangitsa gemu kukhala yongoseweredwa kamodzi. Chimenecho ndi chisankho cha wopanga. Chiku anasankha nthabwala, ndipo analandira mphamvu za nthabwala pamodzi ndi malire ake.

Tsopano chimene chimandipweteka pa mawu aja oti "zinthu zotere sitimaziweruza" n'chakuti amamveka ngati chikondi pamene ndi chipongwe. Timasiya kuweruza chojambula cha mwana wa zaka zinayi chifukwa sitiyembekezera kanthu kwa iye. Ukauza munthu wamkulu kuti ntchito yake siyenera kuunikidwa chifukwa ndi wongoyesa, wamuuza kuti si mnzako pa ntchitoyo. Ndipo khalidwe limeneli ndimaliona pakati pathu tsiku ndi tsiku, osati pa magemu pokha. Mnzathu akalemba ndakatulo, akajambula kafilimu pa foni, akatulutsa nyimbo, timagawanika pawiri. Ena amaseka n'kumati za kuno n'zachabechabe, osamaliza n'komwe kuonera. Ena amathira timoto ndi timitima pa WhatsApp n'kumati tisapotane, nawonso osamaliza kuonera. Magulu awiriwa amadana, koma ndi a mimba imodzi: onse safuna ntchito yovuta yoyang'anitsitsa chinthu n'kunena kuti apa wakhoza, apa walakwa, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Wopanga amachoka wopanda chimene waphunzira, kaya wanyozedwa kaya wayamikiridwa.

Cat Mario ikutiphunzitsanso kanthu kena kowawa. Timakonda kunena kuti sitingapange zinthu chifukwa tilibe zipangizo, ndipo nthawi zambiri n'zoona: laputopu ndi yodula, intaneti ndi yodula, magetsi sadalirika. Sindikupeputsa zimenezi. Koma wophunzira uja sanadziwike dziko lonse chifukwa cha zithunzi zokongola kapena ndalama. Analibe zonsezo mu gemu yake. Chimene anali nacho ndi lingaliro limodzi lakuthwa, ndi kudziwa bwino anthu amene ankawapangira. Ankadziwa chimene anzake pa chikondwerero chija anakulira, ankadziwa chimene zala zawo zidzachite. Ngati wina wa ife akufuna kutengerapo phunziro, asatengere njerwa zosaoneka. Adzifunse kuti ndi pangano liti limene lili m'zala ndi m'mitu ya anthu a kuno, limene iye akulidziwa kuposa wina aliyense wa ku Tokyo.

Ndiye chigamulo changa ndi ichi. Cat Mario ndi nthabwala yabwino kwambiri yomwe yavala malaya a gemu yapakatikati. Gawo lake loyamba ndi limodzi mwa maphunziro abwino amene ndinaonapo a mmene magemu amatilamulira osatiuza. Magawo otsatira amatsika mphamvu, mphakayo amatererera, ndipo ukaimaliza yatha basi. Iseweredwe kamodzi, pagulu, ndi munthu amene anakulira pa Mario ndipo sanachenjezedwe. Zonsezi ndikunena chifukwa ndikuilemekeza. Chinthu chimene sindichilemekeza sindingachilembere mawu ochuluka chonchi.

Mnzanga wa makompyuta uja sanavomere kuti ndinali wolondola, ndipo sindikuyembekezera kuti adzavomera. Koma Lamlungu m'mawa ndikuchokera kosamba ndinamupeza ali pa laputopu yomwe ija, chitseko atatseka, mawu atatsitsa. Nambala inali pa -112, ndipo anali pa gawo lachitatu. Ndinamufunsa kuti bwanji akutaya nthawi ndi zinyalala. Sananditembenukire n'komwe. Anangoti, "Khala chete iwe, ndadziwa pamene pali njerwa."